Chiphaso cha ntchito ndi moyo wosamukasamuka wa banja la msilikali ku America

Ndine namwino, ndipo amuna anga anagwira ntchito m'gulu lankhondo la dziko la America kwa zaka 20 mpaka pamene anapuma mu 2025. Ndikulembera amayi ndi abambo anzanga amene ali pabanja ndi asilikali a dziko limeneli, makamaka amene anaphunzira ntchito zawo kunja monga ine, chifukwa tsiku lina kalata yosamutsa idzafika ndipo nawonso adzayamba kulongedza. Tsikulo likakwana, katundu amanyamulidwa ndi kampani imene boma lalipira, nyumba imapezeka, ana amalowa sukulu ina, ndipo malipiro a msilikali sadukiza ngakhale mwezi umodzi. Chimene chimatsalira m'mbuyo ndi chiphaso cha ntchito cha mkazi kapena mwamuna wa msilikaliyo, pakuti palibe ofesi ya pa kampu imene imakusamutsira chimenecho. Malamulo a nkhaniyi asintha kwambiri m'zaka zaposachedwapa, ndipo ambiri tsopano ali kumbali yathu, koma ndinaona ndi maso anga kuti lamulo limathandiza munthu amene akulidziwa, amenenso mapepala ake ali m'manja kalata yosamutsa isanafike.

Kwathu ku Malawi, bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi likakulembetsa ungathe kugwira ntchito kulikonse kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje, ndipo namwino akasamutsidwa sada nkhawa ndi chiphaso chake. Ku America zinthu sizili choncho. Mayeso a unamwino a NCLEX ndi amodzi m'dziko lonse, koma chiphaso chimaperekedwa ndi chigawo, ndipo chilichonse mwa zigawo 50 chili ndi bungwe lake, mafomu ake, ndalama zake zolipira ndi zofuna zake. Ndi mmenenso zilili kwa aphunzitsi, okonza tsitsi, amagetsi, ogulitsa nyumba, maloya ndi ena ambiri. Munthu wamba amene amakhala chigawo chimodzi moyo wake wonse saliona vuto limeneli, koma banja la msilikali limasamutsidwa pafupifupi zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse. Lipoti limene boma linatulutsa mu 2012 linapeza kuti pafupifupi 35 pa 100 alionse mwa akazi ndi amuna a asilikali amene ali pa ntchito kapena akufuna ntchito ali m'ntchito zofuna chiphaso, ndiponso kuti amasamuka kupita ku chigawo china kuwirikiza kakhumi poyerekeza ndi anzawo wamba. Kafukufuku wa unduna wa zachitetezo wa 2021 anasonyeza kuti 21 pa 100 alionse mwa iwo anali kufuna ntchito osaipeza. Ambiri mwa amayi amenewa ndinkakumana nawo kutchalitchi ndi pa geti ya sukulu, ndipo anali anthu ophunzira bwino ntchito zawo.

Chiphaso changa choyamba ndinachipeza ku North Carolina, pamene amuna anga anali ku Fort Bragg. Kwa munthu wophunzira kunja, ntchito imayambira pa bungwe lounika maphunziro, ndipo ine ndinadzera ku CGFNS ya ku Philadelphia. Apa mpamene ndinazindikira chinthu chimene chinadzanditsatira zaka zonse: pepala limene wanyamula wekha m'manja silivomerezedwa, ngakhale likhale lenileni. Sukulu imene unaphunzira iyenera kudzaza yokha fomu yosonyeza maola amene unakhala m'kalasi ndi maola amene unakhala m'mawodi, phunziro lililonse palokha, monga la odwala akuluakulu, la opareshoni, la ana, la amayi oyembekezera ndi la matenda a maganizo. Fomuyo iikidwe mu envelopu, imatidwe, chidindo cha sukulu chidindidwe pamwamba pa pomatirapo, kenako itumizidwe kuchokera kusukuluko mpaka ku bungwelo osadzera kwa iwe. Bungwe lolembetsa anamwino la kwanu nalonso litumize umboni wake mwanjira yomweyo. Achemwali anga ndi amene anayenda ndi nkhaniyi kumudzi, kukwera minibasi, kudikira pa benchi kuti abwana osayinira atuluke mumsonkhano, kenako kukalipira mtengo wotumizira kalata pa ndege. Ndinalembanso mayeso a Chingerezi a IELTS ngakhale maphunziro anga onse anali m'Chingerezi, ndipo nditakhoza NCLEX ndinakhala namwino wovomerezeka. Uzamba wanga wokha sunawoloke nyanja, chifukwa kuno namwino amene akufuna kukhala mzamba amafunika digiri yapamwamba ndi mayeso ena apadera, choncho ndinalowa m'wodi ya amayi oyembekezera ngati namwino, ndikuthandizira pa ntchito imene kwathu ndinkaigwira ndekha usiku.

Kusamuka kwathu koyamba, kupita ku Fort Hood ku Texas mu 2016, kunali kopepuka, ndipo chifukwa chake n'chofunika kuchimvetsa bwino. North Carolina ndi Texas zonse zili mu mgwirizano wa Nurse Licensure Compact, umene unayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2000 ndipo unakonzedwanso mu 2018. Mu mgwirizanowu, namwino amatenga chiphaso chimodzi ku chigawo chimene malamulo amachitenga kuti ndi kwawo, ndipo chiphasocho chimagwira ntchito m'zigawo zina zonse zimene zinalowa mgwirizanowu. Ndinayamba ntchito tisanamalize n'komwe kumasula makatoni. Pambuyo pake tinagwirizana kuti Texas ikhale kwathu kwa pa malamulo, monga mmene mabanja ambiri a asilikali amachitira chifukwa chigawochi sichidula msonkho pa malipiro, ndipo ndinasinthira chiphaso changa kumeneko nditalemba mayeso aafupi a malamulo a unamwino a m'chigawocho. Chimene chimalola mkazi wa msilikali kusunga kwawo kwa pa malamulo ngakhale akusamukasamuka ndi lamulo la Military Spouses Residency Relief Act la 2009, limene linawonjezeredwa mu 2018 kuti mkazi kapena mwamuna athe kusankha chigawo chofanana ndi cha msilikaliyo. Kwa namwino, zimenezi zikutanthauza kuti chiphaso cha mgwirizano chimakhalabe chamoyo kulikonse kumene mungatumizidwe, malinga ngati mapepala a msonkho, laisensi yoyendetsera galimoto ndi kalembera wa chisankho zikuloza ku chigawo chimodzi. Munthu akafika malo atsopano n'kuthamangira kukasintha laisensi ya galimoto, angathe kusokoneza umboni umenewu asakudziwa.

Mu 2019 tinatumizidwa ku chigawo chimene sichinali mu mgwirizanowu. Zigawo zoterezi zinalipo zingapo pa nthawiyo, kuphatikizapo California, New York, Washington, Hawaii ndi Alaska, ndipo zonsezi zili ndi makampu akuluakulu. Kumene ife tinapita, chiphaso changa cha Texas sichinkandilola kugwira ngakhale dzanja la wodwala. Ndinayenera kupempha chiphaso chatsopano pogwiritsa ntchito chakalecho, ndipo mbali ina ya ntchitoyi inali yachangu: umboni wa chiphaso umatumizidwa pa intaneti kudzera pa Nursys, ndipo sutenga nthawi. Chimene chinandigwira mwendo ndi maphunziro a kumudzi. Bungwe la kumeneko silinakhutire ndi lipoti limene zigawo ziwiri zinali zitalivomereza kale, ndipo linafuna kuti sukulu yanga idzazenso fomu yawoyawo, yokhala ndi mizere yosiyana pang'ono ndi yoyamba ija. Nditawaimbira achemwali, anangoti, "Amayi a ana, kodi aja tinatumiza aja anapita kuti?" Ndinalibe yankho loti n'kuwakhutiritsa, koma m'mawa mwake ananyamukabe. Zaka zinali zitadutsa, amene ankandidziwa kusukuluko anali atapuma ntchito, ndipo mafayilo a chaka chathu anafunika kukawasaka m'chipinda chosungira mapepala akale.

Panalinso nkhani ya zidindo za zala. Popeza ndinayamba kupempha ndili kunja kwa chigawocho, ndinadinda pa khadi la pepala kupolisi n'kulitumiza pa positi. Khadilo linabwezedwa chifukwa mizere ya zala zanga sinkaoneka. Wapolisi amene anandidindanso anagwira chala changa, n'kuchiyang'anitsitsa pa kuwala, ndipo anandifunsa ngati ndine namwino ndisanamuuze, chifukwa kusamba m'manja kosalekeza ndi mankhwala opha majeremusi zimafafaniza mizere ya zala. Anandilangiza kuti ndizidzola mafuta m'manja kwa masiku angapo ndisanabwerenso, ndiponso kuti kumene kuli makina odinda pa kompyuta ndisankhe amenewo, popeza amasonyeza pompo ngati chidindo chakana. Kanthu kakang'ono kotere kanawonjezera masabata pa kudikira kwanga, chifukwa fayilo siyendanso mpaka mbali iliyonse itakwanira.

Ndinakhala miyezi ingapo osagwira ntchito yanga, m'tauni yaing'ono imene chipatala chake chinali ndi zikwangwani zofuna anamwino. Ndalama zinachepa m'nyumba, thandizo limene tinkatumiza kumudzi linadukiza, ndipo anthu kumeneko sankamvetsa kuti namwino wa ku America angakhale bwanji pakhomo. Koma chimene chinandipweteka kwambiri ndi chimene sichilembedwa pa lisiti lililonse. Ku Texas ndinali nditafika poyang'anira wodi ndi kuphunzitsa anamwino atsopano. Nditapeza chiphaso chatsopanocho ndinayambiranso pansi, ndi mashifiti a usiku ndi a masiku a tchuthi, ndipo ndalama za penshoni zimene abwana akale ankandiikira zina zinatayika chifukwa sindinakwanitse zaka zimene ankafuna. Ntchito ya mkazi wa msilikali imakhala ngati mbande imene imazulidwa nthawi iliyonse ikayamba kugwira mizu. Olemba ntchito nawonso amadziwa zimenezi, ndipo ena akaona adiresi ya pa kampu amayamba kufunsa mozungulira kuti mukhala nthawi yaitali bwanji m'dera lino.

Sindikutsutsa kuti pakhale ziphaso. Ndagwira ntchito m'mawodi nthawi yokwanira kuti ndidziwe kuopsa kwa munthu wosaphunzira bwino amene wapatsidwa jakisoni m'manja, ndipo chigawo chili ndi udindo wodziwa amene akusamalira odwala ake ndi kumulanga akalakwa. Chimene sindigwirizana nacho ndi kubwereza kufufuza zinthu zimene zinafufuzidwa kale, kwa munthu amene mbiri yake ya ntchito ilibe banga. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utavuta, zigawo zambiri zinapereka malamulo apadera olola anamwino a ziphaso za zigawo zina kuyamba ntchito nthawi yomweyo, ndipo ndinagwira nawo ntchito anthu otere, amene anafika m'masiku ochepa kudzera pa khomo limene ine ndinadikirapo miyezi. Anali anamwino abwino, ndipo odwala anathandizidwa. Kuyambira pamenepo ndimakhulupirira kuti kuchedwa kwambiri kumene timakumana nako kumachokera ku chizolowezi cha maofesi, osati ku chitetezo cha odwala.

Ndalama zina zimene ndinawononga zinabwezedwa. Nyumba ya malamulo inalola magulu a nkhondo kubweza ndalama zimene mkazi kapena mwamuna wa msilikali walipira potenganso chiphaso chifukwa cha kusamutsidwa, poyamba mpaka madola 500, ndipo kumapeto kwa 2019 malire anakwezedwa kufika pa madola 1,000. Amene amapempha ndi msilikaliyo kudzera ku ofesi yake ya zachuma, ndipo amafuna kalata yosamutsa, kalata ya ukwati, chiphaso chakale, chatsopano ndi malisiti. Anzanga angapo sanalandire kanthu chifukwa chakuti malisiti anasowa pa msamuko, choncho jambulani lisiti lililonse tsiku lomwelo. Kwa amene alibe chiphaso ndipo akufuna kuphunzira ntchito, pali thandizo la MyCAA la madola ofika 4,000 kwa akazi ndi amuna a asilikali a maudindo ena, ndipo alangizi a Military OneSource amathandiza kwaulere.

Pali njira inanso imene ndinaidziwa kudzera kwa mayi wina amene tinkapemphera naye. Zipatala za boma lalikulu, monga za pa kampu ndi za asilikali opuma za VA, zimavomereza chiphaso cha chigawo chilichonse, ndipo namwino wogwira ntchito kumeneko safunika chiphaso cha chigawo chimene chipatalacho chili. Malo amalengezedwa pa tsamba la pa intaneti la ntchito za boma la USAJOBS, ndipo akazi ndi amuna a asilikali amapatsidwa mwayi wapadera pa ntchito zina. Kalembedwe kake kamatenga nthawi, ndiponso ntchito zambiri za boma zimafuna nzika ya America, choncho amene mukadali ndi green card, chilolezo chokhala m'dzikoli, yambani kuganizira za unzika msanga, chifukwa umatsegula khomo limeneli.

Kusintha kwakukulu kunabwera pa 5 Januwale 2023, pamene Pulezidenti Joe Biden anasayinira lamulo la Veterans Auto and Education Improvement Act, limene linawonjezera ndime yatsopano m'lamulo loteteza asilikali la Servicemembers Civil Relief Act. Ndimeyi ndi 50 U.S.C. 4025a, ndipo ndi bwino kuilemba penapake, chifukwa mudzafunika kuitchula. Inanena kuti msilikali kapena mkazi kapena mwamuna wake akasamuka chifukwa cha lamulo la usilikali, chiphaso chake chiyenera kutengedwa kuti n'chovomerezeka m'chigawo chatsopanocho pa nthawi yonse ya kusamutsidwako, malinga ngati wapereka kalata yosamutsa ku bungwe la ziphaso, alibe mlandu ndi bungwe lililonse limene linamupatsa chiphaso, anagwiritsa ntchito chiphasocho m'zaka ziwiri zapitazo, ndipo wavomera kumvera malamulo ndi chilango cha bungwe latsopanolo. Kumene mgwirizano wa zigawo ukugwira kale ntchito, mgwirizanowo ndi umene umatsatidwa.

Chaka chomwecho tinasamutsidwa komaliza, kupita ku chigawo chinanso chimene chinali kunja kwa mgwirizano wa anamwino, ndipo ndinali m'gulu la anthu oyambirira kuyesa lamuloli. Munthu amene anayankha foni ku bungwe la ziphaso anali waulemu koma sankalidziwa, ndipo anandiuza kuti nditsate njira ya masiku onse, kutanthauza fomu inanso yochokera kumudzi. Ulendo uno sindinawatumenso achemwali. Tinapita ku ofesi ya maloya a pa kampu, imene imathandiza asilikali ndi mabanja awo kwaulere, ndipo loya wachinyamata wovala yunifolomu anandithandiza kulemba kalata ya tsamba limodzi. Kalatayo inatchula ndime ya lamulo, inafotokoza kuti ndakwaniritsa zofunika zonse, ndipo tinaphatikizapo kalata yosamutsa, kalata ya ukwati, umboni wa ziphaso zanga ndi kalata ya abwana anga akale yosonyeza kuti ndinali pa ntchito. Tinaikamonso kalata imene unduna wa zachilungamo unalembera mabungwe onse a ziphaso mu Julayi 2023 yowakumbutsa za lamuloli. Tinaitumiza kwa mkulu wa bungwelo, osati pa adiresi ya mafunso wamba, ndipo yankho linabwera lolembedwa, londilola kugwira ntchito. Yankho lolembedwalo linali lofunika kwambiri, chifukwa a ofesi yolemba ntchito kuchipatala anali ndi kompyuta imene inkafuna nambala ya chiphaso cha m'chigawocho, ndipo sakanandilemba chifukwa chongomva kwa ine kuti lamulo likundilola. Musayambe ntchito musanalandire pepala lotere, ngakhale mukudziwa kuti lamulo lili kumbali yanu.

Kuti lamuloli lili ndi mano zinaoneka ku Texas chaka chomwecho. Mkazi wa msilikali wa Air Force, amene anali ndi ziphaso za ulangizi wa ana a sukulu za ku Ohio ndi ku Missouri, anasamukira ku Laughlin Air Force Base ndipo akuluakulu a maphunziro a chigawocho anakana kuvomereza ziphaso zake, ponena kuti sanagwire ntchitoyo zaka ziwiri zathunthu. Iye anakasuma ku bwalo la milandu la boma lalikulu, unduna wa zachilungamo unaikira kumbuyo mfundo zake, ndipo mu Novembala 2023 woweruza Robert Pitman anagamula mokomera mayiyo, kuti lamulo limangofuna kuti chiphasocho chikhale chitagwiritsidwa ntchito mkati mwa zaka ziwirizo. Mu Disembala 2024 ndimeyi inakonzedwanso. Zofuna za zaka ziwiri zija zinachotsedwa, zimene zinathandiza kwambiri amayi amene anaima ntchito chifukwa cha kubereka kapena chifukwa chokhala kunja kwa dziko, maloya amene poyamba anasiyidwa anaphatikizidwa, ndipo tsopano wopempha amapereka umboni wa kusamutsidwa, kalata ya ukwati ndi chikalata cholumbira pamaso pa notary, munthu wovomerezeka kuchitira umboni zikalata. Bungwe lili ndi ufulu wofufuza mbiri ya milandu, ndipo ngati silingathe kumaliza ntchito yake m'masiku 30 lingathe kupereka chiphaso chongoyembekezera.

Zonsezi zimadalira chinthu chimodzi, chakuti chiphaso chanu chakale chikhale chamoyo. Chiphaso cha Texas chimakonzedwanso zaka ziwiri zilizonse ndipo chimafuna maola 20 a maphunziro owonjezera, ndipo ndinkachilipira ngakhale zaka zimene sindinkachigwiritsa ntchito. Mnzanga wina, mphunzitsi, anasiya chake kuti chithe pamene anali ku Germany, poganiza kuti adzachikonza akabwerera, ndipo atabwerako anapeza kuti palibe chimene lamulo likanamusamutsira. Ndinkasunganso fayilo imodzi imene sinkakwera lole ya katundu, koma inkayenda nane m'galimoto: makope a ziphaso, lipoti la maphunziro a kumudzi, zotsatira za mayeso, masetifiketi a maphunziro owonjezera, makalata a mabwana, khadi la katemera ndi kalata ya ukwati. Amene munakwatirana kumudzi, onetsetsani kuti dzina limene lili pa kalata ya ukwati, pa pasipoti, pa setifiketi ya sukulu ndi pa chiphaso likugwirizana, kapena mukhale ndi chikalata chofotokoza kusinthako, chifukwa kusiyana kwa chilembo chimodzi kumaimitsa fayilo. Ndipo sungani ubale ndi ofesi ya sukulu yanu, mudziwe amene ali pa mpando wa kalembera panopa ndi mmene angapezekere, zinthu zisanafike pothina. Msilikali amamva mphekesera za kumene akupita miyezi ingapo kalata isanatuluke, ndipo nthawi imeneyo ndi yoyambira kuwerenga zofuna za bungwe la kumeneko. Akapatsidwa mwayi wosankha malo, nkhani ya chiphaso chanu ikhale pa tebulo pamodzi ndi ya sukulu za ana.

Amuna anga anakumana ndi vuto lomweli kuchokera mbali ina. Iwo anali msilikali wachipatala, ntchito imene gulu lankhondo limaitcha 68W, ndipo anaphunzira ku Fort Sam Houston ku San Antonio. Kumalo a nkhondo anamangapo miyendo yotaya magazi, anaikapo madiripi mumdima, anatsegulapo njira ya mpweya pakhosi pa munthu wovulala, ndipo pambuyo pake anaphunzitsa achinyamata ambiri ntchito yomweyo. Koma pepala la anthu wamba limene ntchitoyi imapereka ndi setifiketi ya National Registry ya mlingo wa EMT wa ogwira ntchito pa ambulansi, umene ndi wapansi pa mlingo wa paramedic, ndipo setifiketiyo payokha si chiphaso, chifukwa chiphaso chimaperekedwabe ndi chigawo. Atavula yunifolomu, zambiri zimene manja awo ankadziwa sankaloledwanso kuzichita. Tsiku lina akuwerenga zofuna za ntchito ya pa ambulansi anandiuza kuti, "Mayi, apa akundilola kuyeza kuthamanga kwa magazi ndi kunyamula machira." Ndinkadziwa luso lawo kuposa wina aliyense, ndipo zinandiwawa monga mmene unandiwawira uzamba wanga.

Chimene chinawathandiza n'chakuti anayamba kukonzekera kudakali zaka ziwiri. Pa tsamba la COOL msilikali amaona ziphaso za anthu wamba zimene zikugwirizana ndi ntchito yake, ndipo gulu lankhondo limalipirako maphunziro ndi mayeso ena iye akadali pa ntchito. Anatenga Joint Services Transcript, chikalata chimene chimasandutsa maphunziro a usilikali kukhala makirediti amene makoleji angathe kuwavomereza, ndipo anafunsa makoleji angapo asanasankhe, chifukwa koleji iliyonse imadzisankhira yokha kuchuluka kwa zimene ivomereze, ndipo kusiyana kwake kungakhale kwa temu yathunthu. Pulogalamu ya SkillBridge imalola msilikali kugwiritsa ntchito masiku ofika 180 omaliza akuphunzira ntchito kwa olemba ntchito wamba uku akulandirabe malipiro ake, bola mkulu wake avomereze. GI Bill, thandizo la boma pa maphunziro a asilikali, imalipira sukulu, ndiponso imabweza ndalama za mayeso a chiphaso mpaka madola 2,000 pa mayeso amodzi. Zipatala za VA zili ndi ntchito ya Intermediate Care Technician, imene inakhazikitsidwira asilikali achipatala opuma kuti agwiritse ntchito luso lawo mokulirapo. Anzawo amene ankayendetsa malole a nkhondo anali ndi njira yachidule, pakuti amene anayendetsa zaka ziwiri angathe kukhululukidwa mayeso a pamsewu a laisensi yoyendetsera magalimoto akuluakulu ya CDL, koma ayenera kupempha pasanathe chaka chimodzi chisiyireni ntchito yoyendetsayo. Chikalata cha DD-214, chimene msilikali amalandira potuluka, chiwerengedwe mzere uliwonse asanasayine, chifukwa maphunziro amene sanalembedwemo amavuta kuwatsimikizira pambuyo pake.

Migwirizano ya zigawo ikuwonjezeka, ndipo si ya anamwino okha. Madokotala, ochita mafizo, akatswiri a maganizo ndi ogwira ntchito pa ambulansi ali ndi yawo, ndipo kuyambira mu 2021 unduna wa zachitetezo wakhala ukuthandiza Council of State Governments kukonza migwirizano ya aphunzitsi, a zaumoyo wa mano, a ntchito zothandiza anthu ovutika ndi okonza tsitsi. Umodzi ndi umodzi uli ndi malamulo akeake, ndipo chigawo chimatha kuvomereza mgwirizano m'nyumba ya malamulo n'kutenga zaka chisanayambe kuugwiritsa ntchito, choncho funsani ngati wayamba kugwira ntchito, osati ngati unavomerezedwa chabe.

Chomaliza chimene mabanja ambiri amachiiwala ndi tsiku lopuma ntchito. Ndime ya 4025a inalembedwera asilikali amene ali pa ntchito ndi akazi kapena amuna awo pamene akusamutsidwa ndi lamulo la usilikali, ndipo ufulu wosunga kwanu kwa pa malamulo m'chigawo chimene simukukhalamo umathanso msilikali akatuluka. Ife tinasankha kukhazikika ku San Antonio, choncho chiphaso changa cha Texas chinangopitirira, ndipo amuna anga akumaliza maphunziro a paramedic. Amene mudzakhazikike m'chigawo china cha mu mgwirizano wa anamwino, lamulo limene linayamba mu Januwale 2024 likufuna kuti mupemphe chiphaso cha chigawo chatsopanocho pasanathe masiku 60 chisamukireni. Amene mudzakhazikike kunja kwa mgwirizano, yambani kupempha chiphaso chathunthu msilikali akadali pa ntchito, pamene mabungwe ambiri amafulumizitsa mafayilo a mabanja a asilikali kapena kuchepetsa ndalama zolipira, ndiponso pamene ofesi ya maloya a pa kampu ili pafupi nanu.